Ku Ntchisi M'nyengo ya Chisanu, pa Liwiro la Mwana

Minibasi yochokera ku Salima ikayamba kukwera zitunda za ku Mvera m'mwezi wa Juni, palibe amene amachita kuuzidwa kuti kunyanja kwatsala m'mbuyo. Wokhala kuwindo amalitseka, mayi amasolola chitenje china m'chikwama n'kufunditsa mwana, ndipo pofika pa Chezi kondakitala amene ananyamuka ndi malaya odula manja amakhala atavala juzi. Chezi ndi malo a malonda a m'boma la Dowa, chapakatikati pa msewu wa M14 umene umalumikiza Lilongwe ndi Salima. Apaulendo amawadziwa chifukwa cha msika wa m'mbali mwa msewu: milu ya tomato, anyezi, kabichi, nthochi, ndi nzimbe zoimikidwa ngati mikondo. Amagulira pawindo, galimoto n'kumapita. Ndi ochepa amene amakweza maso kuona mapiri amene azinga msikawo, ndipo ndi ochepa kwambiri amene amadziwa kuti msewu wopatukira ku Dowa boma, mukautsata n'kukhotera kumpoto, umakakufikitsani kunkhalango ya paphiri la Ntchisi, imene ilibe inzake m'dera lonseli.

Abale athu ogwira ntchito ku Johannesburg amasimba za mabanja a kumeneko amene, m'miyezi yomweyi ya Juni mpaka Ogasiti, amatenga ana kupita kumapiri a ku Lesotho, pamalo otchedwa Afriski, okwera mamita oposa 3,000, kukasewera motsetsereka pa chipale chofewa atamanga timatabwa kumapazi. Ulendo wotero amaukonzekera kwa miyezi: zovala, pogona, ndalama, komanso kuwerengera kuti mwana wa zaka zitatu angapirire kuzizira kwa nthawi yaitali bwanji. Kwathu kuno chipale chofewa sichigwa. Tili ndi chisanu cha m'mawa, nkhungu ndi mphepo ya mwera basi. Koma banja la ku Salima, ku Nkhotakota kapena ku Lilongwe limene likufuna kukaonetsa ana mapiri a Dowa ndi Ntchisi lili ndi funso lomwelo: mwana wamng'ono timutenga bwanji kupita kumalo okwera ndi ozizira, n'kubwera naye ali wathanzi, akufunabe kudzapitanso?

Yankho langa ndi lakuti ulendo wonse uyezedwe pa mwana wamng'ono kwambiri m'banjamo. Tsiku lonyamuka, utali woyenda, nthawi ya chakudya, ngakhale pobwerera, zonse zichokere kwa iye. Pa Genesis 33, Esau atayanjana ndi m'bale wake anapempha kuti ayendere limodzi. Yakobo anakana mwaulemu. Chifukwa chake chinali chakuti ana ake anali adakali aang'ono ndipo ziweto zina zinali zoyamwitsa, choncho anasankha kubwera pambuyo modekha, molingana ndi mphamvu za ofookawo. Abambo ambiri amavomereza nkhaniyi akakhala m'tchalitchi. Imavuta pamene nsonga ya phiri ikuoneka pafupi, dzuwa likadali m'mwamba, koma kamwana kakhala pansi n'kunena kuti miyendo yatha.

Tiyambe ndi nyengo. M'dzinja nkhalango ya Ntchisi imakongola kwambiri, maluwa a m'mitengo amaphuka ndipo bowa amachuluka, koma misewu yafumbi ya kumeneko imasanduka thope loterera ndipo njira za m'nkhalango si za mwana. Kuyambira chakumapeto kwa Ogasiti utsi wa moto wa tchire ndi fumbi zimaphimba mlengalenga, moti mukhoza kukafika pamwamba osaona kanthu patali. Nthawi yabwino ndi Juni ndi Julaye: misewu yauma, udzudzu wachepa, kumwamba kuli mbee. Mtengo wake ndi kuzizira, ndipo tikambapo mokwanira. Mabanja amene ali ndi ana a sukulu angayang'ane masiku oyandikana ndi tchuthi cha pa 6 Julaye, kapena sabata yoyamba sukulu zikangotsekera. Yang'ananinso kalendala ya mpingo, kuti ulendo usagundane ndi msonkhano wa misasa n'kupeza kuti ndalama imene inayenera kukafikitsa banja kumisasa yathera kuphiri.

Kuchokera pa Chezi, msewu umakwera mokhotakhota mpaka pa Dowa boma, kenako n'kudutsa pa Dzaleka. Malo amenewa anali ndende m'nthawi ya ulamuliro wa Kamuzu Banda, ndipo kuyambira 1994 ndi msasa wa anthu othawa nkhondo, ambiri a iwo ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Ana okulirapo adzafunsa za nyumba zothithikanazo, ndipo ndi bwino kuwayankha zoona. Chapomwepo pali msewu wolowera kumpoto, wopita ku Ntchisi. Ochokera ku Lilongwe kapena ku Kasungu angathenso kudzera msewu wa M1 mpaka pa Mponela n'kukhotera kum'mawa kupita ku Ntchisi boma. Njira iliyonse imene mungasankhe, chigawo chomaliza cholowera ku Chinthembwe ndi kumapazi a nkhalango ndi chafumbi, chokwera ndi chotsika. Safunsa anadya phula: imbani foni kumene mukukagona, kapena funsani madalaivala a pasiteji za mmene msewu ulili sabata imeneyo.

Pa makhotakhota amenewa ana ambiri amachita nseru. Asadye zonona ponyamuka, akhale poti aziona kutsogolo, ndipo jumbo ndi kansalu konyowa zikhale pafupi. Nkhani yaikulu ndi ya kabaza. Kumene minibasi zimathera, njinga zamoto ndi zimene zimatenga anthu, ndipo si zachilendo kuona mayi ali ndi khanda kumsana, mwana wina pakati, winanso atakhala pathanki. Anthu amatero chifukwa cha kusowa, ndipo sindikuwaweruza. Koma ulendo wokasangalala si wokakamiza. Mwana wosavala chisoti pamsewu wa miyala, mphepo ya Julaye ikumuomba pachifuwa kwa ola lathunthu, ndiye kuti mwagula mavuto ndi ndalama zanu zomwe. Kuli bwino mabanja awiri kapena atatu a mumpingo asonkhe n'kuchita hayala galimoto imodzi yolimba. Zikakanika, dikirani chaka china ana akule. Phirilo silisamuka.

Tsopano za Sabata, zimene kwa ife ndi msana wa ulendo wonse. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, m'chigawo chapakati dzuwa limalowa cha m'ma hafu pasiti 5, ndipo kumapiri mdima umafulumira chifukwa dzuwa limabisala kuseri kwa zitunda nthawi isanakwane. Banja lonyamuka Lachisanu masana bambo ataweruka kuntchito lidzatsegulira Sabata lili m'galimoto, ana akulira, mayi akufunafuna machesi mumdima. Nyamukani Lachisanu m'mawa, kapena Lachinayi ngati n'kotheka, ndi cholinga choti pofika 2 koloko masana mukhale mutafika. Pamenepo pali nthawi yosambitsa ana madzi akadali otentha, yophika chakudya cha mawa, yolipira zonse zofunika kulipira, ndi yopangana ndi wotsogolera njira za ulendo wa tsiku loyamba la sabata. Zogula zonse zigulidwe panjira, ndipo apa ndi pamene msika wa pa Chezi umathandiza.

Musanachoke kwanu, pemphani abusa kapena mkulu wa mpingo kuti akulumikizeni ndi abale a kumene mukupita. Kupembedza ndi kagulu kakang'ono ka kumudzi, m'tchalitchi cha njerwa zosapaka pulasitala, ana atakhala pamphasa, ndi gawo la ulendo limene ana a m'tauni amalikumbukira kuposa mitengo. Abale a kumeneko ndi amenenso adzakuuzeni kumene kuli chipatala chapafupi ndi njira imene ili yabwino. Adzakuitanirani nsima, ndipo musapite chimanjamanja: paketi ya shuga, sopo kapena mchere zoperekedwa Lachisanu ndi ulemu woyenera. Ngati tchalitchi chili kutali koti mwana sangafike, palibe cholakwika kupembedza panokha pansi pa mtengo, ndi Baibulo, lesoni ya ana ndi buku la Khristu mu Nyimbo. Masana a Sabata ndi oyenda pang'ono m'mphepete mwa nkhalango, kukhala pamwala, kumvetsera. Kukwera kwenikweni kudikire Sande.

Kuzizira kwa kumeneko kuli ndi chifukwa chake. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita osakwana 500, pamene phiri la Ntchisi limapitirira mamita 1,600. Ndiye kuti mwana wa ku Salima akafika pamwamba amakumana ndi mpweya wozizira ndi madigiri 7 kapena kuposa poyerekeza ndi umene anausiya kwawo, tisanawerengere mphepo ndi nkhungu. Thupi la mwana limataya kutentha msanga kuposa la munthu wamkulu, ndipo khanda silinena kuti lazizidwa.

Makolo a kumayiko a chipale chofewa anaphunzira kalekale kuti zovala zopepuka zitatu zimaposa chijasi chimodzi chokhuthala, ndipo nzeru imeneyi imagwiranso ntchito ku Ntchisi. M'mawa mwana avale malaya am'kati, juzi, ndi jekete yotchinga mphepo. Dzuwa likakwera ndipo wayamba kuthamanga, muvuleni jekete asanatuluke thukuta, chifukwa chovala chonyowa ndi thukuta chimaziziritsa thupi msanga. Mukaima kuti mupume, muvekeninso. Chipewa chaubweya ndi masokosi awiriawiri n'zofunika kuposa jekete yokongola. Zonsezi zimapezeka pakaunjika, ndipo wogula mu Epulo amagula motchipa kuposa wogula mu Juni aliyense akuthamangira majuzi.

Amene amaiwalika kawirikawiri ndi wakumsana. Mayi akukwera chitunda amamva kutentha, mwina mpaka thukuta, ndipo amaganiza kuti mwananso watenthedwa. Koma mwanayo sakuyenda. Mimba yake yafunda pamsana pa mayi, pamene timiyendo tili lendelende mumphepo ndipo mutu uli pamtunda. Mukaima paliponse, gwirani mapazi ndi m'khosi mwake. Mapazi akazizira muvekeni masokosi ena n'kuwalowetsa m'chitenje. Ngati m'khosi muli thukuta, chepetsani zofunda. Bambo naye abereke. Kumapiri kulibe womuseka, ndipo womusekayo sindiye akasenze mwana pobwerera. Milomo ndi miyendo ya ana imang'ambika ndi mphepo youma, choncho Vaseline asatsale. Dzuwa la kumtunda limawotcha ngakhale kukuzizira, ndipo mwana wachialubino afunika chipewa chachikulu, malaya aatali manja ndi mafuta ake oteteza khungu monga mwa masiku onse.

Usiku ndi pamene pali ngozi yeniyeni, ndipo ndikupempha kuti ndime ino muiwerenge kawiri. Kukazizira, maganizo oyamba ndi kulowetsa mbaula ya makala m'chipinda n'kutseka chitseko ndi mawindo. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Sununkha, suoneka, sutsamwitsa. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi kufooka, amagona, ndipo ena sadzukanso. Ana ndi amayi oyembekezera ndi amene amagwidwa msanga. Nyengo yozizira ikafika timamva za mabanja opezeka atakomoka kapena atamwalira m'nyumba chifukwa cha mbaula. Otherani moto panja kapena pakhonde, ndipo pokagona mbaula itsale kunja, ngakhale makala akuoneka ngati azima. Chofunditsa ana usiku ndi mabulangete, chipewa, masokosi ndi kugona moyandikana. Wina akadandaula mutu m'chipinda mmene munali makala, tulutsani aliyense panja nthawi yomweyo ndipo thamangirani kuchipatala. Pamoto wa panja paja, mwana woyamba kumene kuyenda akhale pamiyendo pa munthu wamkulu. Zipatala zimalandira ana ambiri opsa ndi moto, phala ndi madzi otentha m'miyezi imeneyi.

Nanga n'chiyani chili kumeneko choti banja livutikire chonchi? Mukamayandikira mudzadutsa m'zitunda zolimidwa mpaka pamwamba, minda ya chimanga chokololedwa, mtedza, soya, ndi zigafa za fodya. Mitengo ndi yowerengeka. Kenako mumalowa m'tchire la mitengo ya mombo ndi masuku, louma, lowala, masamba akuphwanyika kumapazi. Ndiye mwadzidzidzi, ngati mwalowa pakhomo la nyumba ina, kuwala kumachepa, mpweya umasanduka wonyowa ndi wonunkhira dothi, ndipo mitengo imatalika moti mwana amachita kugwetsa chipewa poyang'ana m'mwamba. Iyi ndi nkhalango yobiriwira chaka chonse, imodzi mwa zochepa zotere zimene zatsala m'chigawo chapakati. Muli mitengo ya mizu yotambalala ngati zipupa, moti mwana wa zaka zisanu akhoza kubisala pakati pake osaoneka. Muli akachere amene anamera pamwamba pa mitengo ina, n'kutsitsa mizu, n'kuikulunga mpaka mtengo wam'kati unafa n'kuola, kusiya mphako imene munthu angasuzumiremo. Zingwe za zomera zoyanga zimalendewera paliponse, ndipo timitsinje timatuluka pansi pa miyala kupita kukamwetsa midzi ya kumunsi.

Akuluakulu amasimba kuti m'zaka za m'ma 1800 Achewa a m'derali ankathawira m'nkhalangoyi pobisala nkhondo za Angoni. Angoni a Chiwere anakhazikika ku Dowa, ndipo ndi m'dziko lawo mmene amishoni a Dutch Reformed Church, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anatsegula mishoni ya Mvera mu 1889, kufupi ndi Chezi. M'mphepete mwa nkhalango muli nyumba yakale imene inamangidwa mu 1914 kuti azikhalamo bwanamkubwa wa boma la atsamunda, ndipo lero ndi malo ogona alendo otchedwa Ntchisi Forest Lodge. Kuchokera chapamenepo, tsiku lopanda nkhungu, mumaona chigwa chonse mpaka nyanja, ndi mapiri a tsidya lina ali buluu patali. Mwana wa ku Salima akauzidwa kuti kamzere konyezimira kaja ndi nyanja imene amasambamo, amayamba wakana.

M'nkhalangomo muli anchima, anyani, agwape, nguluwe, nungu, agulugufe amitundumitundu ndi mbalame zambiri, kuphatikizapo nkulukulu, yobiriwira, imene ikatambasula mapiko imaonetsa kufiira ngati moto. Koma musalonjeze ana kuti akaona nyama. Banja la ana anayi limamveka patali, ndipo zamoyo zimathawa lisanafike. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Njira yabwino ndi kusankha malo amodzi, kukhala pansi, kugawa nthochi, ndi kupikisana kuti ndani akhale chete nthawi yaitali. Pakapita mphindi zingapo nthambi zimayamba kugwedezeka m'mwamba. Ndaonapo mwana wa zaka zinayi atakhala duu kwa theka la ola akuyang'ana nyerere zikunyamula chiwala chakufa, makolo ake akumukoka kuti akaone malo okongola kutsogolo. Kwa iye malo okongola anali pomwepo. Ana a Adventurer angatenge kope ndi pensulo kuti ajambule masamba ndi mapazi a nyama. Kuthyola zomera, kusema mayina pamitengo ndi kuyatsa moto n'zoletsedwa, chifukwa iyi ndi nkhalango yotetezedwa, yoyang'aniridwa ndi nthambi ya boma yoona za nkhalango.

Tengani wotsogolera njira wa konko. Njira za m'nkhalango zimafanana, nkhungu imatsika mosachenjeza, ndipo netiweki ya foni imabwera n'kupita. Muuzeni poyambirira zaka za ana anu ndi kuti simukufuna kukafika pansonga. Mwa kuona kwanga, mwana wosakwana zaka zisanu amusangalatsa ulendo wa ola limodzi kapena awiri, kupita ndi kubwerera, wopumira pafupipafupi. Lamulo losavuta ndi ili: bwererani mwana akadali ndi mphamvu zoseka, chifukwa njira yobwerera ndi yaitali chimodzimodzi, ndipo kutsika kumagwetsa ana kuposa kukwera. Ngati bambo ndi ana a msinkhu wa Pathfinder akufunitsitsa nsonga, banja ligawike m'mawa wa Sande: iwo apite ndi wotsogolera, ang'onoang'ono atsale kumunsi ndi mayi kapena agogo. Koma mayi nayenso anabwera kudzapuma, ndiye masana ake bambo alandire ana. Ellen G. White, m'buku lake la The Ministry of Healing la mu 1905, anatchula zinthu zisanu ndi zitatu zochiritsa mwachilengedwe, ndipo mpweya wabwino, dzuwa, madzi ndi kulimbitsa thupi zili mbwee paphiripo. Pamndandanda womwewo palinso kupuma ndi kudziletsa, ndipo ziwirizi ndi zimene zimasowa pamaulendo a mabanja.

Tizilombo tiwiri tikhoza kuwononga tsiku. Linthumbu limadutsa njira mumzere wakuda, ndipo mwana akaima pamzerepo limakwera mwakachetechete n'kuyamba kuluma litafika kale m'mimba. Ana avale mathalauza olowetsa m'masokosi ndi nsapato zotseka, ndipo aphunzire kulumpha mzerewo osaima. Likamukwera, muchotseni pamalopo, muvuleni msanga, n'kuchotsa limodzilimodzi. Chinacho si kachilombo kwenikweni koma chitedze, chimene chimayanga m'zitsamba za m'mphepete mwa minda ndi tchire, ndipo nyengo ino n'chokhwima. Aonetseni ana mmene chimaonekera musanayambe kuyenda. Madzulo posamba yang'anani nkhupakupa kuseri kwa makutu, m'khwapa ndi m'mutu.

Pali chinanso chimene mabanja ochokera kutali ayenera kukonzekeretsa ana. Dowa ndi Ntchisi ndi kuchimake kwa Gule Wamkulu, ndipo nyengo yokolola ikatha ndi pamene miyambo ya ziliza ndi zinamwali imachuluka. Mukhoza kukumana ndi gule panjira. Ife a Adventist sititenga nawo mbali m'zimenezi, ndipo ana athu ayenera kudziwa chifukwa chake. Koma tili alendo m'mudzi wa eni. Patukani, agwireni ana pamkono, musaloze, musaseke, musajambule popanda chilolezo, ndipo musalole ana kuthamangira m'tinkhalango ta kumanda ngakhale mthunzi wake ukhale wokoma chotani. Mwana amene anauzidwiratu kunyumba sachita mantha kwambiri, ndipo sanena mawu amene angakuikeni pamlandu kwa amfumu.

Chakudya cha paulendo wotere sichivuta, chifukwa ndi nyengo ya zokolola. Mbatata yophika, mtedza wokazinga, chinangwa, nthochi, manachesi, mazira owiritsa kwa amene amadya, ndi nyemba zophikiratu za pa Sabata. Fulasiki ya phala la soya kapena la mgaiwa wothira nsinjiro imachita zodabwitsa m'mawa wozizira. Mtedza wathunthu musapatse mwana wosakwana zaka zinayi, angatsamwe nawo, makamaka akudya uku akuthamanga. Kukazizira ana samva ludzu, choncho muziwapatsa madzi musanapemphedwe. Madzi a m'timitsinje ta m'nkhalango amaoneka oyera, koma anyani ndi nguluwe amamwanso momwemo. Awiritseni kapena thiranimo WaterGuard. Khanda losakwana miyezi 6 lisapatsidwe china chilichonse koma bere, ndipo mayi woyamwitsa ndi amene ayenera kumwa ndi kudya mokwanira.

Za ndalama ndinene mwachidule, popeza mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi. Chakhumi ndi zopereka zipatulidwe kaye, fizi ya teremu yotsatira isakhudzidwe, ndipo ulendo usakhale wa ngongole. Funsani mitengo ya pogona pafoni musananyamuke, kuphatikizapo ya ana, ndi ngati amalola kudziphikira kapena kumanga tenti. Pamalo ogona alendo ochokera kunja mtengo ukhoza kukhala wosafikirika kwa ambiri a ife, koma pali nyumba zogona alendo pa Ntchisi boma, pali achibale, pali abale a mumpingo. Nyamulani ndalama zina m'manja, chifukwa Airtel Money ndi Mpamba zimadalira netiweki, ndipo padera sungani yokwanira kuchita hayala galimoto usiku mwana atadwala. Banja limene silingathe kufika ku Ntchisi chaka chino lisadzione lotsalira. Phiri la Kongwe lili pafupi ndi Dowa boma, ndipo zitunda zozungulira Chezi ndi Mvera n'zokwanira ulendo wa tsiku limodzi: kunyamuka m'mawa ndi dengu la chakudya, kupempha chilolezo kwa eni dera, kubwerera dzuwa lisanapendeke.

Buku la kuchipatala la mwana aliyense lilowe m'chikwama choyamba, pamodzi ndi Thanzi ORS, mankhwala oziziritsa thupi a ana, bandeji, tochi, ndi mankhwala alionse amene mwana amamwa masiku onse. Mwana wa mphumu asasiye kopopera kake, chifukwa mpweya wozizira ndi utsi wa nkhuni zimadzutsa matendawa. Neti nayonso ipite. Anthu amaganiza kuti kumapiri kulibe malungo, koma Ntchisi inali m'gulu la maboma 11 amene anayamba kupereka katemera wa malungo kwa ana mu 2019, ndipo sanaisankhe mwangozi. Mwana amene wadzuka ndi kutentha thupi, chifuwa kapena kutsegula m'mimba pa tsiku lonyamuka asapite, ngakhale galimoto ili yolipiridwa kale.

Chimfine wamba sichiopsa, koma kholo lililonse lidziwe kusiyanitsa chimfine ndi chibayo. Mwana ali phee, osalira, vundukulani pachifuwa n'kuwerenga mmene akupumira kwa mphindi imodzi yathunthu. Wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akapuma ka 40 kapena kuposa, akupuma mothamanga ndipo afunika kuonedwa ndi achipatala tsiku lomwelo. Ngati pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamakoka mpweya, ngati akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, akukomoka kapena sakudzuka bwinobwino, musadikire kuti kuche. Zipatala zazikulu za boma zili pa Ntchisi boma ndi pa Dowa boma, ndipo dzina la chipatala chaching'ono chapafupi mulifunse tsiku lofika, pamodzi ndi nambala ya munthu wa galimoto.

Pobwerera nyamukani m'mawa, nkhungu ikangoyera, kuti mukafike kwanu kukuwala. Otsikira kunyanja aziwavula ana chovala chimodzichimodzi m'njira, chifukwa kutsika kuchokera pa Chezi kukafika ku Salima kutentha kumabwerera msanga, ndipo khanda lokulungidwa mmene linachokera kuphiri limafika litanyowa ndi thukuta. M'masabata awiri otsatira, mwana aliyense akatentha thupi akayezedwe magazi tsiku lomwelo, ndipo achipatala muwauze kumene munapita ndi masiku amene munagonako.